Kukaonekera Pamaso pa Wolemba Nchito

Phunziro la anyamata ndi atsikana a ku Migodi. Owerenga ayambe aona Genesis 41, 1 Samueli 17 ndi Yakobo 2.

Munthu akacoka pakati pa mzinda wa Ndola nalowera kum'mwera cakum'mawa, asanapite patali amafika pa malo ochedwa Bwana Mkubwa. Dzinali ndi la Ciswahili, ndipo m'Cinyanja ndiko kunena kuti bwana wamkulu. Pamenepo pali dzenje la mgodi umene uli pakati pa migodi yakale koposa ya dziko la Zambia. Eni dziko anali kukumbapo miyala ya mkuwa Azungu asanafike, ndipo mu 1902 William Collier ndi Jack Donohoe anaona maenje akalewo nakhomapo zikhomo zao. Njanji inafika mu 1909. Kuyambira masiku amenewo kufikira lero, m'dera la Migodi sipanasowe munthu woimirira pa cipata ndi mapepala m'manja, wofunsa ngati pali malo a nchito.

Oyamba aja anacokera kutali. Ena anali a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, ena a ku Petauke, ena a ku Nyasaland ndi ku dziko limene linali la Apwitikizi, ndipo ambiri anayenda pansi masabata angapo. Mayeso ao anali aafupi. Wolemba anthu anali kuyang'ana citupa, dokotala napima thupi ndi kumvera cifuwa, ndipo wooneka wamphamvu anali kulandira tikiti. Koma amene anaphunzira pa sukulu za misyoni, monga ku Livingstonia ndi ku Blantyre, anali kufuna ukalaliki, ndipo iwowa anali kuyesedwa kalembedwe, masamu ndi Cingerezi. Amenewa ndiwo anayamba kuzindikira kuti pa khomo la ofesi malaya amalankhula mwini wake asanatsegule pakamwa.

Mu 1931, mtengo wa mkuwa utagwa, mgodi wa Bwana Mkubwa unatsekedwa. Anchito aciafirika pa migodi ya dziko lonselo anali ngati 30,000 mu 1930, koma pofika kumapeto kwa 1932 anatsala ngati 7,000. Malowa anadzatsegukanso ndi kutsekekanso. Kampani ya First Quantum inawagula mu 1996, ndipo kuyambira mu 1998 inali kucotsa mkuwa m'milu ya zotsala zakale, kufikira nchito imeneyonso inaima. Pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000, anthu zikwi zambiri anabwerera ku nyumba opanda nchito. Ku Migodi nchito imadzala ndi kuphwa ngati madzi a m'dambo. Cifukwa cake kalata yoitana munthu kukafunsidwa mafunso, cimene a m'tauni amacicha intavyu, si kanthu kakang'ono. Kumbuyo kwa mnyamata mmodzi wolandira kalata yotere kuli amai ake, kuli azing'ono ake ofuna ndalama za sukulu, kulinso mwini nyumba amene amadza mwezi ukatha. Ndipo nthawi imene adzapatsidwa kuti adzionetse ndi mphindi zowerengeka cabe.

Zobvala ku Migodi

Anthu a m'matauni a migodi anachuka kalekale ndi kukonda zobvala. Godfrey Wilson, amene anafufuza za moyo wa anchito ku Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, nalemba zimene anaona mu 1941 ndi 1942, anapeza kuti gawo lalikulu la malipiro linali kuthera pa nsalu ndi malaya. Anchito ambiri anali ndi bokosi lao pa sitolo, ndipo mwezi ndi mwezi anali kuikamo cobvala cimodzi kapena ziwiri, kuti tsiku lobwerera kwao akafike ndi katundu. Clyde Mitchell, polemba mu 1956 za gule wa Kalela ku Luanshya, anaona kuti obvinawo anali kubwera pa bwalo tsiku la Sabata ndi mathalauzi osita bwino ndi nsapato zonyezimira, cinkana masiku ena onse anali anthu a nchito zamanja za malipiro ocepa.

Ena anayesa kuti kumeneku kunali kunyada cabe. Koma pamenepo panali cina cozama. Mwamuna wamkulu, waana ake, sabata yonse anali kuitanidwa ngati kamnyamata, ndipo pa masitolo ena a m'tauni anali kugulira pa kazenera osaloledwa kulowa pa khomo. Pobvala bwino anali kunena ndi thupi lake cimene sanaloledwe kunena ndi pakamwa, kuti iyenso ndi munthu. Ulemu wotere Mkristu sayenera kuupeputsa. Ngozi yake inali pena: ambiri analowa m'ngongole cifukwa ca suti, ndipo ena anafika poyesa kuti cobvala cingathe kuima m'malo mwa luso ndi khalidwe. Makolo anaona zotere kale pamene anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Anyamata awiri pamaso pa mafumu

M'Cipangano Cakale muli anyamata awiri amene anakaimirira pamaso pa mfumu pa tsiku limene linasintha moyo wao, ndipo pa onse awiri wolemba anasamala kuchula za zobvala.

Yosefe anatengedwa m'ndende mwaliwiro, pakuti Farao anali wobvutika ndi maloto. Kungakhale kunali kufulumira kotere, iye anayamba wameta nasintha zobvala. Aigupto anali anthu ometa, pamene Ahebri anali kusunga ndebvu. Kotero Yosefe anadziwa mwambo wa nyumba imene anali kukalowamo, naulemekeza. Kaidi analibe nsalu za mtengo wapatali. Zimenezo zinadza pambuyo, mphete ndi bafuta ndi unyolo wagolidi, ndipo zinacokera m'dzanja la mfumu nchito itapezeka. Dongosolo limeneli ndi lofunika kulisunga: ukhondo unatsogola, ulemerero unatsata. Anyamata ambiri amalitembenuza, nafuna kubvala za nduna asanalowe ndi pa khomo pomwe.

Ndipo cimene cinampatsa Yosefe udindo si lumo lometera lija. Farao atamtama, iye anakana kudzitengera ulemu naloza kwa Mulungu. Koma sanalekere pomwepo. Anafotokoza cocita, kuti pa zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu asonkhe gawo limodzi la magawo asanu a zokolola, nalisunge m'mizinda, ndi kuti paikidwe oyang'anira. Mau otere sanawaphunzire m'mawa womwewo. Anali atayang'anira nyumba ya Potifara, nayang'aniranso akaidi anzake, ndipo tsikulo anali ndi zaka 30.

Davide naye anakaonekera kwa Sauli kukapempha nchito imene asilikari onse anaiopa. Sauli anambveka zobvala zake za nkhondo, cisoti camkuwa ndi malaya acitsulo ndi lupanga. Davide anayesa kuyenda nazo, nalephera, pakuti sanazizolowere. Ndipo sanacite manyazi kuzibvula pamaso pa mfumu. Anatenga ndodo yake, miyala isanu ya mumtsinje ndi coponyera cake. Umboni wake unali nkhani ya mkango ndi cimbalangondo zimene analimbana nazo poweta nkhosa za atate wake, nchito yonyozeka imene mnyamata wina akadaibisa.

Pa awiriwa pali muyeso wokwanira. Wofuna nchito abvale zoyera ndi zoyenera nyumba imene akulowamo, monga Yosefe. Koma asabvale zimene sangathe kuyenda nazo, kaya ndi jekete, kaya ndi setifiketi, kaya ndi mau akuluakulu.

Cobvala cake

Ciyambi ndi kudziwa mtundu wa nchito. Wofuna uphunzitsi, ukalaliki kapena malo a ku banki ayenera jekete ya mtundu wodera, malaya oyera ndi taye. Wofuna nchito ya magetsi, ya makina, ya kuocherera zitsulo kapena kuyendetsa galimoto safunika suti. Thalauzi locapa ndi losita, malaya a kolala ndi nsapato zotseka zikwanira. Iye acita bwino kunyamula ovololo ndi jombo m'thumba, pakuti kawirikawiri mafunso a pakamwa akatha munthu amatengedwa kukaonetsa manja ake pa cipangizo. Mtsikana abvale diresi kapena siketi yakuti akhale nayo pa mpando osaikoka, kapena cobvala ca citenje cosokedwa bwino, ndi nsapato zimene angayende nazo kucokera potsikira basi osatsimphina.

Palibe manyazi kugula za salaula, zimene a ku Malawi amati kaunjika. Pa msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola munthu wosankha modekha amapeza jekete yolimba, ndipo telala amaicepetsa kuti ikwane mapewa. Jekete yotero iposa suti yatsopano ya manja ofika ku zala. Kubwereka kwa mbale si kulakwa, koma ayambe waiyesa masiku awiri kapena atatu nthawi isanakwane. Cimene ayenera kucithawa ndi katapila, amene ku Migodi amamucha kaloba. Wokongola ndalama za suti pa ciwongola dzanja cotere amalowa m'cipinda ca mafunso ali ndi mantha awiri, ndipo akalephera amatsala ndi ngongole yokula mwezi ndi mwezi. Akapambana, malipiro ake oyamba ali ndi mwini kale.

Zobvala zicapidwe masiku awiri tsikulo lisanafike, makamaka pa dzinja, pakuti kucokera mu Novembala kufikira mu Epulo nsalu ku Migodi siziuma msanga, ndipo malaya acinyezi amanunkha. Zisitidwe madzulo, osati m'mawa, pakuti magetsi angathe kuzima. Wosita ndi simbi ya makala ayambe wapemerera phulusa ndi kupukuta pansi pake. Kadontho kamodzi ka mwaye pa kolala yoyera sikacoka ndi malobvu. M'nyengo ya fumbi kansalu ka m'thumba kopukutira nsapato pa cipata ndi kothandiza. Tsitsi, zikhadabo ndi m'kamwa zisamalidwe. Mafuta onunkhira acepe. Za mowa wa dzulo lake n'zosafunika kunena zambiri: cipinda ca mafunso cimakhala cacing'ono, ndipo ofunsawo ali ndi mphuno.

Mapepala ake

Citupa ca masiku ano ndi kadi la dziko, National Registration Card, limene munthu amatenga akakwana zaka 16. Pamodzi ndi limenelo atenge setifiketi ya Giredi 12 yocokera ku Examinations Council of Zambia, ndi ya luso lake, kaya ndi ya TEVETA, kaya ya ku Northern Technical College ku Ndola, kaya ya ku Copperbelt University ku Kitwe. Atenge mapepala enieniwo ndi makope ake, ataikidwa mwadongosolo m'cikwama cosalowa madzi. Ndipo aone bwino ngati maina ake alembedwa cimodzimodzi pa mapepala onse. Ambiri anabatizidwa dzina lina, nalembetsa ku sukulu ndi dzina la malume amene anali kuwalera, natenga kadi ndi dzina la atate ao. Zotere zimakonzedwa pasadakhale ndi lumbiro lolembedwa mwalamulo, osati ndi mafotokozedwe a pa tebulo.

Kalata ya umboni ndi cinthu cakale pakati pa Akristu a ku Migodi. Pofika mu 1925 Akristu a ku Ndola, ambiri a iwo ocokera ku Nyasaland, anali atadziyambitsira okha mpingo wa umodzi popanda mmisyoni wowayang'anira, ndipo mwa mwambo wa mipingo ya kwao munthu wosamuka anali kunyamula kalata yonena kuti ndi Mkristu wa mgonero. Kalata ija inali ndi mphamvu cifukwa wolemba anali kumdziwadi munthuyo. Lero wofuna nchito asachule mphunzitsi wamkulu, abusa kapena bwana wake wakale monga mboni asanawapemphe. Abusa ndi akulu a mpingo nao asalembere umboni munthu amene anayamba kuoneka m'chalichi Sabata latha. Akatero kawiri katatu, makalata a mpingo umenewo adzayesedwa mapepala wamba, ndipo obvutika adzakhala ana okhulupirika.

Setifiketi yogula ndi malaya acitsulo a Sauli. Olemba nchito ambiri amafunsa ku bungwe la mayeso ngati pepala ndi loona, ndipo wopezeka ndi labodza ali ndi mlandu ku khoti. Ngakhale asagwidwe, adzakhala zaka zonse za nchito yake ndi mtima wa m'mwamba, woopa kalata iliyonse yomuitana ku ofesi.

Mau ake

Pano pali cobvuta cimene ana oleredwa bwino amakomana naco koposa anzao. Kumudzi mwana waulemu amakhala pansi asanalankhule ndi akulu, amazolika maso, natsitsa mau. M'cipinda ca mafunso mwambo ndi wina. Munthu amapereka moni, nadikira kufikira atauzidwa kukhala. Amayang'ana nkhope ya womfunsa. Amayankha ndi mau omveka kwa onse okhala pa tebulo. Wozolika maso ndi kunong'ona amayesedwa wamantha kapena wobisa kanthu, pamene iye mumtima mwake akupereka ulemu. Makolo ndi akulu a mpingo angathandize kwambiri pomuuza mwana kuti kuyang'ana wamkulu pa malo otere si mwano. Mkulu wa mpingo amene anagwirapo nchito ya mu ofesi akapatula madzulo amodzi, nakhala pa mpando ngati bwana, nafunsa achinyamata mmodzimmodzi m'Cingerezi, adzakhala atacita nchito ya Mulungu yosacepa.

Ku Ndola ndi ku Kitwe cinenero ca pa msewu ndi Cibemba, koma mafunso a nchito kawirikawiri amafunsidwa m'Cingerezi. Mau aafupi oona aposa mau aatali oloweza pamtima. Wosamva funso apemphe kuti libwerezedwe. Safunsa anadya phula. Asanapite adziwe kuti kampaniyo imapanga ciani, simenti kodi, laimu kodi, kapena imakonza makina a pa mgodi, ndi kuti nchito imene akupempha ndi yotani tsiku ndi tsiku. Adziwenso njira ndi kumene kuli cipata, nafike nthawi ikadalipo, lamya yake itatsekedwa.

Padzafika funso limene sadziwa yankho lake. Pamenepo anene poyera kuti cimeneco sanaciphunzire, nanene cimene adziwa coyandikana naco. Pa nchito za migodi ndi mafakitale nkhani imeneyi si ya ulemu wokha. Munthu amene anabvomera kuti adziwa magetsi amphamvu kapena makina onyamula katundu pamene sadziwa, adzaikidwa pamenepo, ndipo tsiku lina bodza lake lidzagwera mnzake amene ali ndi mkazi ndi ana. Akafunsidwa za zimene anacitapo, asabise nchito zazing'ono. Kugulitsa pa msika, kusunga ndalama za kwaya, kuthandiza pa galaji ya amalume, zonsezo ndi mkango ndi cimbalangondo cake. Akafunsidwa cifukwa cimene anasiyira nchito yakale, anene zoona popanda kunyoza bwana wakaleyo, pakuti womvera amadziwa kuti tsiku lina iyenso adzanenedwa cimodzimodzi.

Pa mapeto ofunsa amapereka mpata wakuti nayenso afunse. Si kulakwa kufunsa za malipiro, za maola ndi za zobvala zochinjiriza thupi. Lamulo la nchito la 2019 linalamula kuti pangano la miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo lilembedwe, ndipo munthu aliwerenge lonse asanaikepo dzina lake.

Khomo la kuseri

Pamene ofuna nchito aculuka, sipalephera kuoneka anthu ogulitsa malo. Wina amaima pafupi ndi cipata nanena kuti adziwana ndi akulu a m'kati. Wina amatumiza uthenga pa lamya wonena kuti dzina lasankhidwa, koma payambe patumizidwa ndalama zakuti. Kampani yoona silipiritsa munthu kuti imfunse mafunso. Kwa atsikana mtengo wofunidwa nthawi zina si ndalama, ndipo wofunayo amadziwa kuti kunyumba kulibe ufa. Mtsikana wotere asasenze yekha cinsinsico. Auze amai ake kapena mai wamkulu wa mu mpingo tsiku lomwelo, ndipo nkhani yotere ingathe kutengedwa ku polisi kapena ku Anti-Corruption Commission. Yosefe yemwe uja anasiyapo cobvala cake m'manja mwa mkazi wa mbuye wake nathawa, ndipo kukana kumeneko kunamlowetsa m'ndende zaka zingapo. Phunziro lino silingalonjeze kuti wokana adzapeza nchito ina mwezi womwewo.

Mau a Yakobo ali kwa iwo okhala mbali ina ya tebulo, pakuti m'mipingo ya ku Migodi muli akapitao ndi oyang'anira amene amalemba anthu. Yakobo anadzudzula msonkhano umene unapatsa malo abwino munthu wa mphete ndi zobvala zokongola, nuimika wosauka kumbuyo. Mkristu wofunsa mafunso ayenera kusiyanitsa uve ndi umphawi. Kolala yothaitha koma yocapa ndi yosita inena zabwino za mwini wake koposa suti yodula. Ndipo dzina la munthu likaulula mtundu wake, kuti ndi Mbemba, Mlamba, Mnsenga kapena Mlozi, limenelo lisakhale yankho loyamba pa pepala la wofunsayo.

Mafunso atatha

Wosankhidwa ku nchito ya pa mgodi amatumizidwa ku Kitwe, ku Occupational Health and Safety Institute, kukapimidwa mapapo cifukwa ca nthenda ya fumbi la miyala, ndipo popanda setifiketi ya kumeneko salowa pansi. Kumeneko jekete ndi taye zimabvulidwa, monga anali kubvulira oyamba aja pamaso pa dokotala wa pa Bwana Mkubwa. Amene anadwalapo cifuwa cacikulu anene zoona, natenge mapepala a ku cipatala kumene analandira mankhwala.

Wosasankhidwa kawirikawiri samva kanthu konse. Adikire masiku amene anauzidwa, ndipo akapita angathe kufunsa kamodzi mwaulemu. Madzulo a tsiku la mafunso, zinthu zikadali m'mutu, alembe m'kabuku mafunso onse amene anafunsidwa, makamaka amene anamgonjetsa, kuti akawafunse kwa odziwa. Mapepala abwezedwe m'cikwama cao, malaya acapidwe ndi kupacikidwa, ndipo jekete yobwereka ibwerere kwa mwini wake tsiku lomwelo, m'matumba mutayang'anidwa.